Umboni wanga pa za dry sump ndi injini ziwiri zimene zinandifera

Ndine dalaivala, ndipo sipanala ndimaigwirako. Kwathu ndi ku Chiputo, m'boma la Maravia, chigawo cha Tete. Banja langa limadya kuchokera pa galimoto imodzi, Land Cruiser yapikapu imene ndinaigula itatopa kale m'manja mwa anthu ena. Galimoto imeneyi yandifera injini kawiri. Imfa yoyamba inabwera chifukwa cha kusasamala kwanga. Yachiwiri ndinachita kuigula ndi ng'ombe za banja langa, ndipo ndiyo yandikhazika pansi kuti ndilembe. Masiku ano anyamata athu akubwera ndi ndalama za golide, ena za ku Joni, n'kumagula magalimoto a turbo. Angapo andipeza kale kudzandifunsa za dry sump poti anamva kuti ndinaiikapo pa galimoto yanga. Ndikufuna ndiwayankhe onse pamodzi, osabisa kanthu.

Munthu amene sanayendepo kuno sangamvetse zimene galimoto imakumana nazo. Ukasiya phula pa Bene n'kulowera njira ya ku Fingoè ndi ku Zumbo, wasiyana nako kuyenda mwaufulu. Chilimwe ndi fumbi lolowa mpaka m'mano, dzinja ndi matope ndi mitsinje yodzaza, ndipo miyala ndi ya chaka chonse. Kumwera kwathu kuli nyanja ya Cahora Bassa, kumpoto kuli Zambia, ndipo pakati ponsepa anthu amafuna kunyamuliridwa chimanga, mabelo a fodya, nsomba zouma za chikowa, malata, simenti, odwala ndi maliro. Galimoto yoyenda bwino ku Chiputo si ya mwini wake yekha. Mudzi wonse umaiwerengera.

Injini ya galimoto yanga ndi ija ya dizilo yotchedwa 1HZ, ya masilinda 6, malita 4.2, imene a Toyota anayamba kupanga mu 1990. Ndi injini yopirira zedi, koma pa mtunda ndi yaulesi chifukwa imachoka ku fakitale yopanda turbo. Ukadzaza matumba n'kufika pa chitunda, umalowa giya yachiwiri, kenako yoyamba, mpaka woyenda pansi akulonjere n'kukudutsa. Zimenezi zinkandiwawa. Nditaona anzanga a ma Hilux a turbo akukwera mosavuta, ndinapita nayo mumzinda wa Tete kukaiikitsa turbo, ndipo ndinauzanso anyamata a pa galaja kuti atsegule pampu ya dizilo kuti izimwa kwambiri. Inabwerako ili chilombo. Utsi wakuda bii unkatsala m'mbuyo, ine mtima uli mbee.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti turbo moyo wake wonse uli pa oyilo. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kampero kamodzi, ndipo kamperoko kamalumikizidwa ndi kamtengo kachitsulo ku kampero kena kamene kamakankhira mpweya mu injini. Kamtengoko kamazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, pamene mbali ya ekizozi ikutentha mpaka madigiri 600 kapena 700. Sikakhudzana ndi chitsulo chinzake. Kamayandama pa oyilo wochepa kwambiri amene pampu imamukankha mosalekeza, ndipo oyilo yemweyo ndi amene amachotsa kutentha. Akaduka kwa masekondi owerengeka, kapena akabwera ndi mchenga, turbo yatha. Mabeyaring'i a kirankishafuti nawonso amadalira oyilo yemweyo, ndipo ukawonjezera mphamvu ya injini wawawonjezera katundu.

Injini yoyamba inafera pa chitunda, nditasenza chimanga. Kwa nthawi ndithu kalayiti ka oyilo kankaphethira ndikamakwera mitunda, ine n'kumati ndi mawaya. Tsiku limenelo kanayaka osazimanso, turbo inalira mokhala ngati mluzu wosweka, utsi wabuluu tolo, kenako mkokomo uja dalaivala aliyense amauopa, go go go. Injini inanoka.

Ndili ndi alamu anga, mchimwene wa akazi anga, amene akhala zaka zambiri ku Johannesburg. Amagwira ntchito pa galaja yokonza magalimoto a mipikisano, aja amathamanga ku Kyalami ndi ku Zwartkops. Ndi munthu wodziwa ntchito yake, ndipo ndimawalemekeza mpaka lero. Nditawaimbira foni ndinawafotokozera monga ndinazionera ine, kuti layiti inkayaka pa mtunda pokhapokha, ndipo injini yafera pa mtunda. Sanachedwe kuyankha.

"Alamu, limenelo ndi vuto limene timalimbana nalo tsiku ndi tsiku kuno. Oyilo akuthawa pampu. Mankhwala ake ndi dry sump."

Anandifotokozera bwinobwino, ndipo zimene ananenazo n'zoona zokhazokha. Pafupifupi galimoto iliyonse imene timaiona pamsewu imasunga oyilo mu sampu, chibeseni chachitsulo chimene chili pansi pa injini. Pampu imamwa oyilo kudzera pa paipi yokhala ndi kasefa kumapeto kwake, kamene kamalendewera pafupi ndi pansi pa sampuyo. Galimoto ikapendekeka kwambiri, kapena ikakhota mwaliwiro, oyilo amakhamukira mbali imodzi, kasefa kaja n'kutsala poyera, pampu n'kumwa mpweya. Zili ngati kunyamula madzi pa ngolo: a m'beseni amatayikira uku ndi uku mpaka pansi pake kuonekera, koma a m'chigubu chachitali, ngakhale ngolo igwedezeke bwanji, pansi pamakhalabe madzi. Dry sump imachotsa oyilo mu sampu n'kumusunga mu thanki yaitali yopapatiza imene imaikidwa pambali. Pansi pa injini pamangotsala kambale kosaya. Mapampu okoka amayamwa oyilo yense wogwera m'kambaleko n'kumutumiza ku thanki, ndipo pampu ina imatenga oyilo pansi pa thankiyo n'kumukankhira mu injini ndi mu turbo. Kaya galimoto ipendekeke chotani, pampu yokankhayo siisowa chomwa.

Pali ndi ubwino wina. Kirankishafuti siimenyanso oyilo pozungulira, choncho mphamvu siitayika ndipo thovu limachepa. Poti sampu yakuya yachoka, injini itha kutsitsidwa, kapena pansi pa galimoto n'kutalikirana ndi nthaka. Mfundo yomalizayi ndi imene inandigwira mtima, poganizira miyala yathu. Alamu ananditchulira magalimoto otchuka: Mercedes-Benz 300 SL ya 1954 inali ndi dry sump, Porsche 911 inayamba nayo m'zaka za m'ma 1960, magalimoto onse a Formula One amayendera imeneyi, ngakhalenso njinga yamoto ya m'tchire ya Yamaha XT500 ya 1976, imene imasunga oyilo m'felemu mwake. Nditamva za njinga ya m'tchire ndinati basi, chinthuchi chinapangidwira ife.

Koma chipangizo chokonzeratu cha injini ngati yanga alamu sanachipeze. Anapeza pampu yogwiritsidwapo kale ntchito, yochoka pa galimoto ya mpikisano ya petulo, ndipo zotsalazo tinayenera kuchita kupanga. Pampuyo inali ya masiteji atatu olumikizidwa pa mtengo umodzi, imodzi yokankha, awiri okoka. Okokawo amayenera kukhala ndi mphamvu yoposa yokankha, chifukwa chimene amayamwa si oyilo yekha koma oyilo wosakanizika ndi mpweya. N'chifukwa chake thanki siingakhale chitini wamba. Oyilo amalowera pamwamba cham'mbali kuti azungulire khoma la thanki potsika, mpweya uthawe, ndipo pofika pansi akhale wopanda thovu. Thankiyo siidzazidwa mpaka pakamwa, pamwamba pamasiyidwa malo a mpweya. Mapaipi oyamwa anali aakulu, a mamilimita 19, olukidwa ndi waya. Sampu yatsopano tinaiwotcherera ku Tete, pamodzi ndi chitsulo chogwirira pampu.

Pampu ya mtundu umenewu imakhala kunja kwa injini, ndipo imazunguzidwa ndi lamba wa mano wochokera pa pule ya kirankishafuti. Pa magalimoto a mipikisano imazungulira pafupifupi theka la liwiro la injini, poti injini zawo zimafika 7,000 pa mphindi kapena kuposa. Yanga mphamvu zake zonse imazitulutsa pa 3,800, ndipo ikangoima chilili imazungulira pang'onopang'ono zedi. Titailiza koyamba geji inaonetsa kuti oyilo akufooka injini ikakhala chilili, mpaka tinachita kusulitsa pule ina kuti pampu izithamanga. Apa m'pamene ndinayenera kuima n'kuganiza, chifukwa chinthucho chinkandiuza chokha kuti kwawo si kuno. Sindinaime. Ndipo kuti zonse zigwire ntchito, pampu ya fakitale ya m'kati mwa injini tinaichotsa ntchito. Kuchokera tsiku limenelo moyo wa injini yanga, ndi wa turbo yomwe, unatsamira pa lamba mmodzi wopyapyala wolendewera kunja, cha pansi, kutsogolo kwenikweni kumene kumafikira madzi, mchenga ndi udzu.

Ndalama zake sindingazitchule popanda kugwetsa nkhope. Kukonza injini yakufayo kunali kale katundu, ndiye kuwonjezapo pampu, thanki, mapaipi, zolumikizira, zosulitsa, mtengo wa basi yodzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Cuchamano, ndi msonkho wa pa malire. Ndalama za fodya wa chaka chimenecho zinathera pomwepo, ndipo ndinalowa m'khola. Ng'ombe zimene ndinagulitsa zina zinali zolimira, ndipo zinagulidwa ndi thukuta la akazi anga kuposa langa. Usiku wina ana atagona anandifunsa mofatsa.

"Abambo, chinthu chimenechi chikadzawonongeka pakati pa tchire, adzakonze ndani? Achimwene ali ku Joni."

Ndinawayankha kuti chimapirira pa mipikisano, ndiye sichingalephere kunyamula chimanga. Iwo sanatsutse. Anangoti, "Mwafunsako amisiri ena a kuno?" Sindinafunse aliyense. Ndinkaona ngati amisiri akuno sangadziwe zinthu za ku Kyalami, ndipo m'kati mwa mtima ndinkafuna kudzakhala woyamba m'boma lonse kukhala ndi chinthu chotere. Chimenechi ndicho chinali tchimo langa lenileni, kudzikuza, ndipo mawu a akazi anga ndinawapondereza chifukwa sadziwa za injini, ngakhale funso lawo linali lanzeru kuposa zonse zimene ine ndinkadziwa.

Ndinene chilungamo, dry sump inagwira ntchito. Singano ya geji inkaima nji pa mtunda ndi pa mtsetse pomwe. Pansi pa galimoto panakwera. Ndikatsegula boneti pa msika wa ku Fingoè anyamata ankaunjikana kudzaona mapaipi onyezimira. Zovuta zazing'ono zinalipo, ine n'kumazinyalanyaza. Oyilo wothira anachuluka, ndiye mtengo wa sevisi unakwera ndipo ndinayamba kuchedwetsa kusintha. M'mawa wa June oyilo wa mu thanki ankachedwa kutentha. Zolumikizira mapaipi zinkamasuka ndi mabampu, pena pake n'kumadontha. Kachitsulo kamene tinaphimba nako lamba kanali kopyapyala, kanang'ambika pa bawuti ndi kugwedezeka, ndipo ndinakachotsa n'kukaponya kumbuyo kwa mpando, ati ndidzakawotcherera ndikadzapita ku Tete. Lamba wapadera sindinagule. Belu lochenjeza kuti oyilo wagwa sindinaike.

M'bandakucha wina, mvula itangoyamba kumene, bambo wina wa mudzi woyandikana nafe anagogoda pakhomo. Akazi awo matenda anali atawayamba kuyambira dzulo lake, azamba a m'mudzi anali atalephera, ndipo panafunika kuthamangira kuchipatala. Tinawagoneka pa matiresi kumbuyo, amayi awiri atawagwirira. Panjira pali kamtsinje ka mchenga kamene ndakaoloka kosawerengeka. Tsiku limenelo kanali ndi madzi ofika m'maondo, osakanizika ndi timiyala. Ndinalowa, ndinatuluka, n'kuponda moto kuti ndikwere gombe la kutsidya. Kamwala kanali katalowa pakati pa lamba ndi pule, lamba n'kulumpha. Ine sindinamve kanthu. Maso anga anali pa njira, makutu anga ali kwa mayi wobuula kumbuyo. Pamene ndinkayang'ana geji singano inali itagona pansi, ndipo injini inali itayamba kale kugogoda. Pampu ya fakitale ikanakhalapo, yotetezedwa m'kati mwa chitsulo, kamwala kameneko sikakanachita kanthu.

Tinaima pakati pa tchire ndi mayi amene moyo wake unali pa ulusi. Mwamuna wake sananditukwane. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, tinabwera kwa inu chifukwa timati yanu ndiye yodalirika." Mnyamata wina anathamanga kukafuna njinga yamoto, ndipo mayi uja anamalizira ulendo atakhala pakati pa anthu awiri, m'matope, ululu uli tho. Mulungu anachita chifundo, mayi ndi mwana ali moyo, ndipo mwanayo ndimamuona akusewera. Koma ndikudziwa kuti zikanatha kutha mwina, ndipo mlandu wake ukanakhala wa lamba amene ine ndinamusiya poyera.

Ngakhale zinatero, mutu wanga unali usanafewe. Ndinkafuna kuikonza n'kubwezera zonse momwe zinalili. Lamba wa mano ndi muyezo umenewo ndinamufuna ku Fingoè, ku Tete, ku Katete mpaka ku Chipata, osamupeza. Ogulitsa masipeya ankangomutembenuza n'kupukusa mutu. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ngakhale ndikanaona geji msanga n'kuzimitsa injini isanawonongeke, galimoto ikanakhalabe pa kamtsinje kaja kudikira basi ya ku Johannesburg.

Kirankishafuti ndinapita nayo ku Chipata, kudzera pa Cassacatiza ndi Chanida, kuti akaione ngati ingapalidwe. Kumeneko ndinapeza mmisiri wina wachikulire, wa imvi mbuu, amene wakhala akutsegula injini za malole kuyambira ine ndisanabadwe. Mabawuti ndi tizitsulo tina ndinali nditaziika mu sampu yakale ija ya fakitale, poti kuyambira pamene tinaichotsa inangosanduka chosungiramo zinthu. Madalawo anamvetsera nkhani yanga yonse osandidula. Kenako anakhuthula mabawutiwo pa tebulo, n'kuitembenuza sampuyo, n'kuisisita ndi chikhatho.

"Mwananga, sampu iyi inagunda mwala liti?"

Ndinati sindikukumbukira, poti yagunda kambirimbiri ndipo sinabookepo. Anandionetsa pansi pake pamene panatiwizika kulowa m'kati, kenako anapukuta m'kati mwake ndi sanza. Panali chizindikiro chozungulira, chonyezimira, pamene kasefa ka pampu kankakhudza chitsulo. Pakati pa kasefa ndi pansi pa sampu pamayenera kukhala mpata wa mamilimita angapo kuti oyilo alowe. Mwala unali utatseka mpatawo. Injini ikamayenda pang'onopang'ono oyilo wochepa wolowayo ankakwana, koma pa mtunda, pamene ndinkaiponda mu giya yaing'ono ndipo pampu ikufuna oyilo wambiri, inkatsamwa. N'chifukwa chake layiti inkayaka pa mtunda pokha.

"Oyilo sanathawe pampu," anatero. "Munamutsekera khomo ndinu. Akanakhala kuti munabwera ndi sampu iyi poyamba, ndikanaiwongola ndi hamala, mukanalipira ya sopo. Safunsa anadya phula, mwananga."

Ndinakhala pansi pa tayala, miyendo itafooka. Ng'ombe zonse zija, fodya wa chaka chathunthu, moyo wa mayi uja umene ndinauika pachiswe, zonsezo chifukwa chakuti sindinagwade n'kuyang'ana pansi pa galimoto yanga.

Nditabwerera kumudzi ndinafukula zotsala za injini yoyamba zimene ndinaziunjika kuseri kwa nkhokwe, ndipo chilichonse chinandichitira umboni wonditsutsa. Turbo yakale nditaimasula, kamtengo kake kanali kabuluu ndi kupsa, ndipo njira ya oyilo inali itaphimbika ndi makala olimba gwa. Makala amenewo ndinkawapanga ndekha. Ndinali ndi chizolowezi choima pamwamba pa chitunda, pamene foni imagwira ndipo okwera amafuna kutaya madzi, n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo. Pamenepo m'pamene turbo imakhala itatentha kotheratu. Injini ikazima oyilo amaima, ndipo wotsalira m'katimo amapserera. Paipi ya labala yochoka ku fyuluta ya mpweya inali ndi mng'alu kunsi kwake, ndipo m'kati mwake munali fumbi lofiira, lomwelo limene linadya nsonga za kampero ndi kukanda masilinda. Fyulutayo ndinkangoimenya pa tayala n'kuibwezera. Paipi yobwezera oyilo kuchoka ku turbo, imene imayenera kutsika mowongoka n'kulowa pamwamba pa mlingo wa oyilo chifukwa imadalira kutsetsereka kokha, inali yopindika. Nanga oyilo amene ndinkathira? Kangati ndinagula wa m'mabotolo a madzi pa msika, wosadziwika kumene wachokera, chifukwa anali wotchipa? Pa zonsezi palibe chimodzi chimene dry sump ikanachiza.

Mphunzitsi wina wa masamu amene ndimamunyamula popita ku Fingoè anandithandiza kumvetsa mbali yotsala. Galimoto ya mpikisano ikakhota mwamphamvu moti mphamvu yoikankhira m'mbali ifanane ndi kulemera kwake, oyilo wa mu sampu amapendekeka madigiri 45, ndipo amakhala choncho masekondi angapo injini ikuzungulira pa liwiro lake lonse. Magalimoto a matayala a mpikisano amapitirira pamenepo. Koma chitunda chokwera mamita 20 pa mamita 100 alionse, chimene kwa ife ndi chitunda choopsa ukasenza katundu, chimapendeketsa galimoto madigiri 11 okha. Land Cruiser anaipanga ndi sampu yakuya kuti izikwera malo oposa amenewo. Ngati oyilo ali pa mlingo wake ndipo sampu ili bwino, palibe mtunda wa msewu wa ku Maravia umene ungasiye kasefa poyera. Vuto limene alamu amalimbana nalo ku Kyalami ndi lenileni, koma galimoto yanga inalibe.

Alamu sindiwaimba mlandu, ndipo ndikupempha abale amene amawanena asiye. Anayankha funso limene ndinawafunsa, pa foni, ali kutali, osaiona injini. Atamva za sampu yotiwizika anakhala chete nthawi yaitali, ndipo pambuyo pake anatumiza thandizo la maring'i ndi mabeyaring'i popanda ine kupempha.

Dry sump nayonso sindiinyoza. Amene akumanga galimoto ya turbo yokathamangitsa pa bwalo, kaya ku Zwartkops kaya ku Maputo, ali ndi chifukwa chomveka choiganizira, ndipo ine ndingamuuze zimene ndinaziphunzira ndi misozi. Ayambe waika geji n'kuona ngati oyilo akugwadi pokhota. Ngati akugwa, ayese kaye zotchipa: tizitsulo totchinga m'kati mwa sampu, tina tokhala ndi tizitseko totsegukira mbali imodzi, timene timasunga oyilo pafupi ndi kasefa, kapena kathanki kosunga oyilo wopanikizidwa kamene kamamutulutsa pampu ikaphonya. Magalimoto a turbo othamanga ngati Subaru Impreza ndi Mitsubishi Lancer Evolution, amene atchuka pa mipikisano ya m'tchire ku Zambia, amachoka ku fakitale ndi sampu wamba. Zikakanika zimenezi, ndiye agule dry sump yopangidwira injini yake, osati yokokera kwina ngati yanga. Asaumire pa thanki, chifukwa thanki yoipa imabwezera thovu mu injini, ndipo thovu silinyamula beyaring'i. Ngati turbo yake ili pansi moti oyilo sangatsetsereke yekha, aipatse siteji yakeyake yokoka. Lamba amuphimbe ndi chitsulo cholimba, wina akhale m'bokosi, ndipo aike layiti yaikulu ndi belu zimene sangaziphonye. Akumbukirenso kuti galimoto ya mpikisano imathamanga mphindi zowerengeka, kenako amisiri amaizungulira n'kuona bawuti iliyonse, ndipo ikafa imakwezedwa pa ngolo yake n'kupita kwawo. Yathu imatha mlungu ili m'tchire, ndipo ikafa pamakhala munthu kumbuyo amene akudikira kufika.

Galimoto yanga inadzukanso, mwa ngongole. Ndinabwezera pampu ya fakitale ndi sampu wamba, ndipo pansi pake ndinamanga chitsulo chochindikala mamilimita 6 kuti mwala uzigunda chimenecho. Turbo ilipo, koma mphamvu yake ndinaitsitsa ndipo pampu ya dizilo tinaibweza mpaka utsi wakuda utatha, chifukwa 1HZ sinapangidwire moto wochuluka. Ndinaika geji ya oyilo, belu, ndi geji yoonetsa kutentha kwa ekizozi, ndipo ikayandikira 650 ndimabweza phazi n'kutsitsa giya, okwera adandaule asadandaule. Ndikaima pamwamba pa chitunda injini imalira kaye mphindi ziwiri kapena zitatu ndisanazimitse. Oyilo ndimagula 15W-40 wa injini za dizilo, m'chigubu chomata, ndipo ndimasintha pamodzi ndi fyuluta pa makilomita 5,000. M'mawa uliwonse ndimasolola chitsulo choyezera oyilo, n'kugwada kuyang'ana pansi. Zonsezi pamodzi mtengo wake sufika ngakhale pa thanki yokha ija, ndipo injini yachitatuyi yadutsa kale zaka zimene ziwiri zija zinakhala.

Khola lathu silinabwerere mwakale. Chaka chimene ng'ombe zolimira zinapita, akazi anga analima ndi khasu munda umene kale unkalimidwa ndi pulawo, ndipo mwana wathu wamkulu anakhala pakhomo chaka chathunthu chifukwa ndalama yomutumizira kusukulu ku Tete inalibe. Ndinawapepesa onse awiri pamaso pa ankhoswe, ndipo anandikhululukira, koma chaka cha mwana wanga sindingachibweze. Ndalama iliyonse yotsala pa ulendo tsopano imapita m'manja mwa amayi ake, ndipo chinthu chachikulu cha pa galimoto sindigula tisanakambirane.

Inu anyamata a ku Chiputo, Malowera, Chipera ndi Fingoè amene mwagula magalimoto a turbo, yankho langa ndi ili: pa misewu yathu dry sump musaike. Injini ikakuferani, musagule kanthu musanaitsegule ndi mmisiri wachikulire n'kuona ndi maso anu chimene chaipha. Yang'anani sampu, kasefa, paipi ya mpweya ndi m'kati mwa turbo. Ndipo chilichonse chimene wina akufuna kukuikirani pa galimoto, mufunseni kaye ngati sipeya yake imapezeka ku Tete kapena ku Chipata. Akakayikira, musiyireni chinthu chakecho.